Nyanja za m'nthano zili pakhomo pathu

Ana a ku Kitwe ndi Ndola amagona mochedwa, maso ali pa foni, kuonera mafilimu a maufumu ongopeka okhala ndi nyanja zobisa zilombo. Chikhalirecho nyanja zotere zili pakhomo pawo pomwe.

Kufupi ndi Ndola, chakumalire ndi Congo, kuli Chilengwa na Lesa, dzina la Chilamba lotanthauza cholengedwa ndi Mulungu. Ku Mpongwe, pafupi ndi mishoni ya St Anthony's, kuli Kashiba. Zonse ziwiri zinabadwa madzi atanyambita miyala ya laimu pansi pa nthaka, denga lake n'kutitimira. Pa Kashiba palibe mchenga woti mwana n'kuviikapo zala: thanthwe limangoti phompho, ndipo akuti kuya kwake kumaposa mamita 100.

Alamba, anthu a kumeneko, sanasowe chonena. Amati mu Kashiba mumakhala Ichitapa, chilombo chimene sichiluma munthu koma chimagwira chithunzithunzi chake pamadzi, mwiniwake n'kuuma thupi mpaka kugweramo. Amasimbanso za Bena Mbushi, a mfunda wa mbuzi, amene anadzimanga chingwe chimodzi n'kulowa m'madzimo motsogozana, kufikira womalizira atadula chingwecho n'kupulumuka.

Clement Doke, mmishonale amene anakhala pakati pa Alamba, anasindikiza buku la nthano zawo mu 1927. Opanga mafilimu a kuno, nkhani ndi imeneyo. Wopita ku Kashiba kuchokera ku Ndola adzere ku Luanshya, msewu wa ku Mpongwe uli pomwepo.