Chikombole cha Fomu mu Microsoft Access

Ntchito yomanga database, yomwe ndi nkhokwe ya pa kompyuta yosungiramo mayina, masiku ndi maakaunti mwadongosolo, yalowedwa ndi anthu ambiri amene luso lawo lonse lili pa batani la Form Wizard, ndipo anthu oterewa amatha kupereka mafomu khumi tsiku limodzi pa mtengo wotsika kwambiri, koma pa mafomu khumiwo sipapezeka awiri ofanana zilembo, msinkhu wa mabokosi ngakhalenso malo a mabatani. Fomu ndi tsamba la pa sikirini pamene kalaliki amalowetsa kapena kuwerenga zolembedwa, ndipo chilichonse choikidwa pa tsambalo, kaya ndi bokosi lolembamo, lebulo yotchula dzina la bokosilo, mndandanda wosankhapo kapena batani, chimatchedwa control. Kalaliki amakhala maso ali pa zinthu zimenezi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, motero kusalongosoka kwake kumamutopetsa ndi kumulakwitsa, ngakhale matebulo a kuseri atakonzedwa bwino chotani.

Za matebulo ndi kulumikizana kwake sizifunika kufotokozedwa pano, pakuti amene sazidziwa sanayambe n'komwe ntchitoyi. Chofunika kuchiona mofatsa ndi chimene chimachitika bokosi loyamba lisanaikidwe pa fomu. Microsoft Access, yomwe inatuluka koyamba mu 1992, imapatsa mtundu uliwonse wa control maonekedwe oyambira, ndipo mu Access 2007 zilembo zoyambira zinakhala Calibri za msinkhu 11. Mmisiri sakakamizidwa kulandira zimenezi. Iye amaika bokosi limodzi pa fomu yotsekulidwa mu Design View, amalisankhira zilembo, mulifupi, msinkhu, mtundu wa m'mphepete ndi mbali imene mawu adzatsamira, kenako amadina lamulo la Set Control Defaults, ndipo kuyambira pamenepo bokosi lililonse latsopano pa fomuyo limabadwa lofanana ndi loyambalo. Ntchito imeneyi imabwerezedwa pa lebulo, pa mndandanda ndi pa batani, chifukwa mtundu uliwonse umasunga maonekedwe akeake.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa maonekedwe amenewa amasungidwa mu fomu yokhayo imene anakonzedwera, ndipo munthu akatsekula fomu yatsopano amapeza kuti zonse zabwerera mwakale. Mankhwala ake ndi kusandutsa fomu yokonzedwayo kukhala chikombole, monga mmene woumba njerwa amayambira wakhoma chikombole chake kuti njerwa yoyamba ndi yotsiriza zifanane. Mu Access Options, pa gawo la Object Designers, pali malo otchedwa Form template, pamene pamalembedwa kale dzina loti Normal. Mmisiri akasunga fomu yake ndi dzina limenelo, kapena akalemba pamalopo dzina limene iye waipatsa, fomu iliyonse yatsopano yoyambidwa popanda wizard imatengera zigawo zake, kukula kwa zigawozo ndi maonekedwe oyambira a ma control ake. Chikombolechi chili ndi malire amene ayenera kudziwika bwino: sichisamutsa mabokosi enieniwo kupita ku fomu yatsopano, sichisintha mafomu amene analipo kale, ndipo chiyenera kukhala mkati mwa database imene ikumangidwayo, apo ayi Access imabwerera ku maonekedwe ake osachenjeza munthu. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amasunga fomu ya Normal ndi lipoti la Normal, lomwe ndi chikombole cha malipoti osindikiza, mu fayilo yapadera, n'kumazikokera mu ntchito iliyonse yatsopano asanakhudze china chilichonse.

Gawo limene wolemba nkhaniyi amalikonda koposa ndi la lebulo imene imabwera yomatirira ku bokosi. Malamulo ake saoneka pa bokosi loikidwa kale. Amaoneka pokhapokha munthu akadina chida cha bokosi n'kutsekula Property Sheet asanaliike pa fomu. Pamenepo pali AutoLabel, yonena ngati lebulo ibwere yokha kapena ayi, AddColon, yoika madontho awiri kumapeto kwa mawu, ndiponso LabelX ndi LabelY, zonena mtunda wa lebulo kuchokera pa bokosi, ndipo nambala ya LabelX ikakhala yochepera ziro lebulo imakhala kumanzere. Zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene fomu ikulembedwa m'Chichewa, pakuti malo amene amakwanira mawu afupiafupi a Chingerezi sakwanira "Tsiku lobadwa" kapena "Mfumu yaikulu ya dera", ndipo mmisiri amene sanatalikitse lebulo mu chikombole adzakoka lebulo iliyonse ndi mausi, imodziimodzi, pa mafomu onse. Zilembo nazo ziyenera kuyesedwa ndi ŵ wa m'mawu oti Malaŵi. Kuyambira pa Access 2000 pulogalamuyi imasunga chilembo chotere bwinobwino, koma si mtundu uliwonse wa zilembo umene umachionetsa.

Wolembayu anaphunzira zimenezi kwa bambo ena achikulire amene anayamba ntchitoyi pa Access 97, ndipo bambowo sankalola wophunzira kupanga fomu ya kasitomala asanathe mlungu wathunthu akukonza chikombole chokha. Ankasindikiza fomu pa pepala, n'kugoneka rula m'mphepete mwa mabokosi, ndipo bokosi limodzi likatuluka pamzere ankabweza pepalalo osayankhula. Ankafuna kuti wophunzira aloweze pamtima kuti mu VBA, chinenero cholembera malamulo mu Access, miyeso imawerengedwa mu twip, ndi kuti inchi imodzi ili ndi ma twip 1440 pamene sentimita imodzi ili ndi pafupifupi 567. Nthawi zina ankachotsa mausi pa tebulo n'kuuza wophunzira kuti adzaze fomu yonse ndi batani la Tab lokha, monga amachitira kalaliki amene pakhomo pake pali mzere wa anthu, ndipo kalozera akadumpha kuchoka pa dzina kupita pansi pa tsamba, ntchito inkayambanso. Ndi bambo omwewo amene ankakumbutsa kuti fomu imodzi imaloledwa ma control 754 pa moyo wake wonse, kuphatikizapo amene anafufutidwa, motero chizolowezi choika ndi kufufuta mabokosi mwachisawawa chili ndi mtengo wake. Pa nthawiyo wophunzirayo ankaona ngati ndi nkhanza, koma fayilo ya chikombole imene akugwiritsa ntchito lero inachokera mu mlungu umenewo.

Makasitomala ambiri saiona ntchito imeneyi, ndipo akauzidwa mtengo amayerekeza ndi wa anthu a Form Wizard aja. Amapempha mitundu yowala ndi chizindikiro chachikulu cha bungwe lawo pamwamba pa fomu iliyonse, koma safunsa ngati lipoti linakonzedwera pepala la A4, la mamilimita 210 ndi 297, limene maofesi a ku Malaŵi amagula, kapena linasiyidwa pa Letter wa ku America, amene ndi wotambalala pang'ono koma wamfupi, n'kumadula mzere wa kumanja posindikiza. Safunsanso za masiku, pamene 03/04 imatha kuwerengedwa ngati 3 April kapena 4 March malinga ndi mmene Windows ya pa kompyuta iliyonse inakonzedwera. Mavutowa akatuluka amabwera kwa mmisiri kuti akonze, ndipo amadandaulanso akamva kuti kukonza mafomu makumi atatu osiyanasiyana n'kodula kuposa kuwamanga mwatsopano. Zoona, Access 2010 inabweretsa ma theme, amene amasintha mitundu ndi zilembo za database yonse nthawi imodzi, koma theme siwongola bokosi lokhota, ndipo sikhudza control imene inapakidwa mtundu wakewake ndi dzanja.

Mwini bungwe amene akufuna database, asanapereke ndalama yoyamba, apemphe mmisiriyo kuti amuonetse fomu yake ya chikombole, kenako mmisiriyo atsekule fomu yatsopano n'kuikapo mabokosi atatu mwini bungweyo akuona.