Msangu wa m'Chigwa cha Bwanje

Munthu wotsika mapiri a Dedza pa msewu wa Khwekhwerere m'mwezi wa October, pofika ku Golomoti apeza dziko louma ndi udzu wopserera. Koma m'minda yonse, kuloza ku Mtakataka ndi ku Sharpevale, mwaima mitengo yaikulu yobiriwira, ndipo ng'ombe zisonkhana pansi pake. Mtengo umenewu ndiwo msangu, umene akatswiri autcha Faidherbia albida.

Tinayenda m'midzi ya chigwa chimenechi tili kuupenyetsetsa, ndipo zizindikiro zake ndi izi. Nthambi zake zanthete nzotuwa. Minga yake njowongoka, yomera iwiriiwiri patsinde pa tsamba. Zipatso zake nzofiirira, zopindika ngati khutu. Musausokoneze ndi mthethe, pakuti minga ya mthethe njokowa ngati mbedza. Msangu wokhwima ungathe kufika mamita 30.

Chodabwitsa chake nchakuti uchita zosiyana ndi mitengo inzake. Mvula ikayamba, inzake ili kuphukira, msangu uyoyola masamba nukhala ngati wouma. Mvula ikatha, ndipo uphuka. Chifukwa chake suphimba chimanga, ndipo masamba ake aolera m'nthaka nthawi yomwe mbewu zifuna chakudya. M'mizu yake mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga nayitrojeni mu mpweya, ndiyo mphamvu yomwe tiigula m'thumba la fetereza. Tinaona mapesi a pansi pa msangu ali onenepa koposa a pambalambanda.

Muzu wake umira pansi ndithu, numwa madzi amene chimanga sichiwafikira. M'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zidya zipatso zake, zipuma mumthunzi, nizisiya ndowe pomwepo. Njere zotuluka m'mimba mwake zimera msanga. Njuchi nazo zipeza maluwa ake m'nyengo yachisanu.

Koma tinaonanso zitsa zambiri, pakuti ena agwetsa msangu chifukwa cha nkhuni ndi makala. Ndalama ya makala itha m'sabata imodzi, pamene mtengo wolowa m'malo ufuna zaka zambiri kuti uyambe kuthandiza munda.

Tsono abale, polima chaka chino penyani bwino pansi. Mukapeza kamsangu komera kokha, musakadule ndi khasu: kazikeni chikhomo pambali pake, kachingireni mbuzi, ndi kukatetezera ku moto. Pobzala, siyani mamita 10 pakati pa mtengo ndi unzake, ndipo njere muyambe mwaipala pang'ono kuti madzi alowe. Akulu anati m'mera mpoyamba. Munda umenewo adzakolola ndi ana anu.