Kachitini ka ku Joni

Abale a m'gulu lino, sabata ino mpata wagwera ine. Ndipepeseretu, ine si mlembi ngati ena a inu. Ndimagulitsa nyemba, mtedza ndi usipa pamsika wina muno mu Lilongwe, ndipo izi ndalemba pafoni, pang'onopang'ono, masana makasitomala akasowa. Nkhani yake ndi ya fodya. Eya, mzimayi kulemba za fodya. Musathawe.

Mwezi wa Juni achimwene anga amene ali ku Johannesburg anatumiza katundu pa basi. Munali bulangete, nsapato za ana anga, ndi kachitini kozungulira, kophwatalala, konga ka polishi koma kokulirapo. Pa WhatsApp anati, "Chemwali, kachitiniko nka ababa. Ndi fodya wa kaliwo weniweni, osati chingambwe chawo chija. Alaweko zimene azungu amasuta." Anatsiriza ndi tinkhope toseka titatu. Ine sindinaseke, chifukwa panali nkhani imene achimwenewo sankaidziwa, ndipo amene anawabisira ndi ine.

Ababa akhala akutsokomola kuyambira dzinja lathali. Mu Epulo ndinawatengera kuchipatala. Anawayeza makhololo, TB sanaipeze, koma adokotala anandiitanira pambali nkundiuza kuti mapapo atopa, fodya asiye. Ababa anavomera pamaso pa adokotala monga amavomerera akuluakulu, "chabwino bwana," uku maso ali pazenera. Achimwene sindinawauze. Munthu amagona chipinda chimodzi ndi anzake anayi kudziko la eni, ndimuonjezere chiyaninso?

Ndiye kachitini kaja kanakhala milungu itatu m'thumba la nyemba pansi pa benchi langa. Tsiku lina ndinkafuna kukaponya mumtsinje wa Lilongwe. Tsiku lina ndinkafuna kukagulitsa, pajatu mwana wanga wamkulu ali Fomu 2 ndipo fizi sidikira. Ndinafunsa achimwene mtengo wake, anati marandi 280, pafupifupi madola 15. Pachitini analemba magalamu 50. Ife a pamsika masamu otere sitisowa nawo pepala: tizitini 20 ndi kilo imodzi, ndiye kuti kilo ndi madola 300. Ndinakhala kaye pansi. Ababa alima fodya moyo wawo wonse, ndipo mtengo wabwino umene amaunyadira mpaka lero, chaka chimene anagula malata, unali madola awiri ndi masenti ochepa pa kilo. Ndikudziwa kuti mu 300 muja muli msonkho, chitini, sitima yapamadzi ndi phindu la wasitolo. Nanenso ndimaikapo yanga pa usipa wa ku Salima. Koma kuchoka pa 2 kufika pa 300, abale, ine ndikanatero pa usipa bwenzi atandithamangitsa pamsika.

Zonse zinatha tsiku limene achimwene anaimbira foni ababa kuwafunsa ngati fodya akukoma. Madzulo omwewo foni yanga inalira.

"Naphiri, katundu wanga ali kuti?"

Loweruka ndinatsekera mnzanga benchi, ndinakwera minibasi ya ku Madisi.

Kuti mumvetse zimene zinachitika pakhonde, ndikuuzeni kaye kuti ababa ndi ndani. M'zaka za m'ma 1980 anali tenanti pa esiteti ina ku Kasungu. Nthawi imeneyo lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda wake, bale anali wa maesiteti okha. Zinayamba kumasuka mu 1990, ndipo patapita zaka zochepa ababa anabwerera kumudzi, nkulowa kalabu, nkumanga chigafa chawochawo. Ine ndakulira m'chigafa chimenecho. Ndimadziwa kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka. Ndimadziwa phula lakuda lomata m'manja limene sopo amalikana. Tikathyola m'mawa masamba akadali ndi mame tinkamva chizungulire ndi nseru, amayi malemu nkumati ndi njala. Ndinadzamva ndili kusekondale kuti chinali chikonga cha m'masamba onyowa chimene chimalowera pakhungu. Choncho ndinganene kuti ndinalawa fodya ndili Sitandade 3, ngakhale sindinasutepo.

Ababa analandira kachitini ndi manja awiri. Sanafulumire. Anakatembenuza, anandiuza kuti ndiwerenge zolembedwa. Ndinayamba dala ndi chenjezo la zaumoyo, mokweza, kawiri. Anangoti, "Ndamva, pitiriza." Pansi pake panali mayina atatu: Virginia, Burley, Black Cavendish, ndi mawu oti muli kafungo pang'ono ka vanila. Dziko limene masambawo analimidwa sanalembe.

Chivindikiro chinakana mpaka titapana ndi kobiri, kenako chinati phsii. Fungo limene linatuluka, abale! Ngati pakhomo pamene akuphika keke ya ukwati, koma kumbuyo kwake kuli kena kake konga udzu wouma bwino wofolerera nyumba. Ana a kwa aneba anasiya mpira nkubwera.

Ababa anaitanitsa lichero. Anatsina pang'ono nkumwaza, nkuyamba kusankha timizere tija ndi chala monga ankasankhira masamba pogireda. Toyera mwachikasu uku, tofiirira uku, takuda uku.

"Uyu wachikasu ndi fuluu, woumitsa ndi kutentha kwa m'mapaipi, utsi osamukhudza. Ali ndi shuga, ukamuthamangira amaluma lilime. Uyu wakuda si chikopa ayi, chikopa ukanamva nkhuni. Uyu amuphika ndi nthunzi, amupanikiza, nchifukwa chake wafewa chonchi." Kenako anatola kofiirira kamodzi, anakatambasula pachikhatho, anakayang'anitsa padzuwa. "Koma uyu ndi bale. Uyu ndi wathu."

"Wa ku Malawi kuno, ababa? Pachitini sanalembetu."

"Sindinati wa kuno. Ndati wathu."

Anandifotokozera chimene sindinkachidziwa ngakhale ndinasoka bale zaka zonsezo. Bale amauma ndi mphepo yokha m'chigafa, ndipo pouma shuga yense amatha, tsamba limatsala ngati siponji. Ukalithira chonunkhira chilichonse limamwa nkusunga. Nchifukwa chake opanga fodya wonunkhira samuleka bale. Ndiye kuti zaka zonse zija tinkalima siponji ya vanila wa anthu ena.

Anafinya fodya uja pakati pa zala, anabumbika osamwazika. "Wanyowa uyu. Ukamuyatsa chonchi ukhala ukuyatsa machesi mpaka mawa." Anamusiya palichero, pamthunzi, mpaka tinatha kumwa tiyi.

Kaliwo wawo ndi wamtengo, wakale kuposa ine, kukamwa kwake kolumidwalumidwa, pakhosi anamanga ndi mphira. Anamununkhiza nkupukusa mutu. Akuti chingambwe cha zaka zonsezi chinalowerera m'mtengomo, chilichonse chimene angaikemo chikoma chingambwe. Ananyamuka, anapita kunkhokwe, anabwera ndi chitsononkho chouma. Ndi kampeni anachidula, anachikumba m'kati, anaboola pambali, analowetsa kabango. Mphindi zochepa kaliwo watsopano anali m'manja. Ndinaseka ndekha: fodya wa madola 300 pa kilo, m'chitsononkho.

Anathira katatu, koyamba mongogwetsera, kachiwiri nkukanikiza pang'ono, kachitatu molimbirako. Anayatsa, fodya anatukumuka, anamutsendera ndi mutu wa msomali, anayatsanso. Kenako chete. Amene munaonapo munthu wa ndudu pa siteji akukoka ngati akuthawa ngongole, kaliwo si choncho ayi. Ababa ankangopsontha pang'ono, utsi nkuusunga m'kamwa, nkuutulutsa mwaulesi. Nkhuku zinalowa, dzuwa linapendeka, iwo osayankhula.

Ine ndinali ndi ntchito yanga: kumvetsera chifuwa.

Atafika pakati anayamba kupereka chigamulo, maso ali chitsinzinire.

"Fungo la m'chitini likulonjeza zambiri kuposa zimene m'kamwa mukufika. Poyamba kakekeko kanamveka, koma kapita msanga, katsala kutali ngati nyimbo ya kumudzi wina. Pano ndikumva fodya. Fuluu akutsekemera pang'ono kunsonga kwa lilime. Bale ali pansi, akukoma ngati mtedza wokazinga wopanda mchere. Wakudayu alibe mawu, ntchito yake nkuziziritsa anzake."

"Ndiye ndi wabwino kapena ayi?"

"Ndi waulemu. Koma ndi wofooka. Chingambwe chikadakhala chitandigwira kale m'mawondo."

Anati chimene chawasangalatsa nchoti chonunkhiracho anathira pang'ono. Wothira kwambiri amakhala akubisa tsamba loipa, la pansi, lodyedwa ndi nkhungu. Apa ndinawamvetsa bwino kuposa pena paliponse. Pamsika timadziwana. Alipo amene amaika usipa wonyezimira pamwamba pa mbale, woswekasweka pansi. Alipo amene amasakaniza nyemba za chaka chatha ndi zatsopano. Katundu wabwino safuna zambiri, umangomupungula pang'ono kuti aoneke. Amene anasakaniza fodya uyu sankaopa kuti tsamba lake limveke.

Kenako ndinachita chimene amayi akanandikalipira ali kumanda. Ndinati, "Ababa, ndilaweko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta kabango ndi malaya, nkundipatsa. "Usameze. Ungosunga m'kamwa."

Ndinene zoona, popeza muno timati tizilemba zoona. Sindinamve keke, sindinamve mtedza. Ndinamva kutentha, kuwawa, ndi kena kake kothetheka palilime ngati ndamwa tiyi wowira. Misozi inalengeza. Koma utsi utatuluka, kumbuyo kwa mphuno kunatsala fungo limene ndinalidziwa nthawi yomweyo: chigafa mwezi wa Malichi, masamba atayamba kufiira, amayi akusoka atakhala pamphasa, ine ndikuwapatsira. Vanila uja ndinamumva bwino nditabweza kaliwo, nditakhala chapatali. Zikuoneka kuti chonunkhiracho amathirira ife okhala pafupi, kuti tisamuthamangitse wosutayo pakhonde.

Chakumapeto ababa anakwinya nkhope. Akuti pansi payamba kuwawa ndi kunyowa, kaliwo akulira ngati mphika wa phala. Anagogoda chitsononkho pachidendene. Phulusa linagwa lotuwa, losalala, ndi tizidutswa tochepa tosapsa. Analipondaponda ndi chala. "Wapsa bwino. Mlimi wake sanathire fetereza wolakwika." Ndinafunsa kuti akanakhala ogula ku okushoni akanapereka zingati. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chileke. Ndinathamangira madzi. Ana aja anabalalika.

Usiku ndinagona pabalaza. Khoma la nyumba yathu silifika kudenga, ndiye ndinamva zonse. Anatsokomola kasanu ndi kawiri tambala asanalire. Kaya ndi fodya wa ku Joni, kaya ndi mmene amakhalira usiku uliwonse ine ndili ku Lilongwe, sindingadziwe. Chimene ndinadziwa nchoti kachitini kaja ndinabwera nako ndine, ndi manja angawa, nditamva ndi makutu anga zimene adokotala ananena. Kunena kuti utsi wa kaliwo sameza sikunanditonthoze. M'kamwa ndi pakhosi ndi thupi lomwelo.

M'mawa ndinawauza kuti kachitini ndibwerera nako. Ndinkayembekeza mkangano. Anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ukapita naye ameneyu si wanganso." Ndinati ndi wanu ndithu, koma msungi ndine. Ndikabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse ndizibwera ndi wokwana chitsononkho chimodzi, ndipo chingambwe chija chichoke m'nyumba muno lero. Tinatsatsana ngati pamsika. Iwo anayamba ndi kanayi pamwezi, ine ndinakakamira kamodzi, iwo anatsikira pa kawiri, ine osasuntha. Ana a m'tauni mwina mudabwa kuti mwana angatsatse malonda ndi bambo ake. Ndinagwada potero, musadandaule.

Anavomera. Anatulutsa kathumba ka chingambwe kudenga nkundipatsa. Ndikudziwa kuti pali kena kamene sanatulutse, sindine mwana. Anandilangiza kuti fodyayo ndimuchotse m'chitini, ndimuike m'botolo lotseka bwino, apo ayi pofika Okutobala adzakhala fumbi. Kenako anawerenga pazala. Chitsononkho chimodzi chimadya magalamu awiri ndi theka, ndiye mwatsala maulendo 19.

"Miyezi 19, Naphiri. Wandipatsa ntchito."

Sindinayankhe. Ndinapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Achimwene ndinawauza zonse ndili m'minibasi, za chifuwa, za chipatala, za milungu itatu ya m'thumba la nyemba. Anakhala masiku awiri osandiyankhula. Tsiku lachitatu anatumiza ndalama ya mankhwala, ndi funso limodzi lokha: "Koma anati akukoma?" Ndinawalembera kuti anati ndi waulemu.

Botolo lija lili pansi pa benchi, kuseri kwa thumba la mtedza. Kale ndinkapita kumudzi katatu pachaka, ndinkanamizira thiransipoti. Chiyambire Julayi sindinaphonye mwezi. Dzulo ababa anaimba, akuti mwezi watha liti kodi, kuno mvula yayamba kununkhira. Ndinawafunsa kuti mwasowa ine kapena mwasowa botolo. Anati ndibweretsenso machesi, a kugolosale yakwathu akumazima msanga.