Kapilitsi ka 6 koloko madzulo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ena mwakhala mukufunsa kuti bwanji masiku ano mwezi sutha ndisanakwere minibasi ya ku Lilongwe. Ena mwamva kale kuti ndili ndi shuga, ena akuti andilodza. Ndaona kuti ndilongosole ndekha, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndili pa mankhwala otchedwa warfarin. Chino ndi chaka chachinayi, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti ndidzamwa moyo wanga wonse.

Vuto lili mumtima. Vavu imodzi inapapatiza, ndiye mtima sugunda mwandondomeko, umangophiriphita ngati usipa m'bwato. Magazi akamachedwa kutuluka m'chipinda cha mtima amayamba kuundana, ndipo kachibuluma kamodzi kakathawira ku ubongo, basi sitiroko, munthu wafa ziwalo kapena wapita. Anthu amati warfarin amasungunula magazi, koma sikuti amawasandutsa madzi ayi. Chiwindi chimafuna vitamini K popanga zinthu zoundanitsa magazi, ndiye mankhwalawa amasokoneza ntchito ya vitamini ameneyu kuti magazi azichedwa kuundana.

Mbiri yake ndi yodabwitsa. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kukha magazi zikadya msipu wouma umene unachita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake pa yunivesite ya Wisconsin anafufuza mpaka kupeza chimene chinkachititsa. Mu 1948 warfarin anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 anavomerezedwa kuti anthu azimwa. Chaka chotsatira anapatsa Dwight Eisenhower, pulezidenti wa America, atadwala mtima. Mayi a kunyumba atamva za makoswezo anagwira pakamwa. Ndinawauza kuti nkhani yonse yagona pa muyezo. Akachepa, magazi aundana. Akachuluka, magazi sasiya kutuluka. Ine ndimakhala pakati pa ziwirizi tsiku ndi tsiku.

Muyezowo amaudziwa poyeza magazi, ndipo nambala yake imatchedwa INR. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala cha pa 1. Ine anandiuza kuti ndizikhala pakati pa 2 ndi 3. Kuyeza kumeneku sikuchitika pa chipatala chilichonse, ndiye ndimadzuka m'mamawa, makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Salima boma, kenako ena pafupifupi 100 kukwera mapiri kupita ku Lilongwe. Kuyezako ndi kwa mphindi zochepa, koma tsiku lonse lapita, thiransipoti yadya gawo la malipiro, ndipo Fomu 4 yatsala ndi mnzanga. Nambala ikasokonekera amasintha mlingo n'kukuuza kuti ubwerenso sabata yamawa. Apa mpamene anthu ambiri akumudzi amagwa ulesi, amangomwa osayezetsa, kapena kusiyiratu. Zonse ziwiri ndi zoopsa.

Chimene chimasokoneza nambala kwambiri kwathu kuno ndi ndiwo. Vitamini K ali wambiri m'masamba obiriwira: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, repu, kholowa, chigwada. Ambiri amaganiza kuti ndiye masamba ndi oletsedwa. Ayi ndithu. Chofunika n'chakuti uzidya mofanana, osati sabata ino mbale yodzaza tsiku lililonse, sabata yamawa osalawa n'komwe. Koma inu mukudziwa mmene timadyera kunyanja kuno. Dzinja likafika masamba ali mbwee, ngakhale kuseri kwa kalasi bonongwe amamera yekha. Ikafika Okutobala, kwauma, ndiwo ndi usipa ndi utaka basi. Mbale yathu imatsata nyengo, pamene kapilitsi kamafuna kuti Janyuwale afanane ndi Okutobala. Ife tinagwirizana kuti pakhale kambale kamodzi kodziwika, masamba kamodzi patsiku chaka chonse, m'chilimwe tithandizidwe ndi dimba ndi mfutso. Kumaliro ndi kuukwati ndimadya zimene andipatsa, koma ndi diso la muyezo.

Chachiwiri ndi mankhwala ena. Kuno mutu ukawawa timathamangira pa okala. Ine sindingatero. Asipirini, bulufeni ndi indosidi amawonjezera ngozi ya kukha magazi m'mimba. Bactrim ndi Flagyl amakweza mphamvu ya warfarin, pamene rifampicin wa TB amaitsitsa kwambiri. Panado ndi amene amaloledwa, komabe osati wambiri masiku otsatizana. Mankhwala azitsamba a m'mabotolo aja amagulitsa pamsika, sudziwa muli chiyani, ndiye ndimawakana ngakhale wondipatsayo ali mlamu wanga. Mowa ndinausiya. Kulikonse kumene ndikupita, kaya ndi malungo, kaya kuchotsa dzino, mawu anga oyamba ndi akuti ndimamwa warfarin, ndipo kabuku kachipatala kamakhala m'thumba la malaya.

Pali chinthu china chimene anthu a kumtunda sangachiganizire. Ife tinakulira ndi likodzo. Mnyamata wa m'mbali mwa nyanja akakodza magazi sadabwa, ena ankati ndiye kukula. Kwa munthu wa warfarin, mkodzo wofiira si wonena kuti ndi likodzo chabe, tiona mawa. Chimodzimodzi chimbudzi chakuda bii ngati tala, kamfuno wosaleka, magazi a m'nkhama, mabala akuda pakhungu osadziwa chakumenya, ndi mutu wowawa mwadzidzidzi. Zimenezi ndi zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ukagwa pa kabaza n'kumenyetsa mutu, ngakhale udzuke ukuseka, pita akakuone, chifukwa magazi amatha kumakha m'kati mwakachetechete. Njinga zamoto ndimakwera pokhapokha pali chipewa. Za kutema mphini ndiye musanene n'komwe.

Mmodzi wa inu amene ali ku Johannesburg anandiuza za mankhwala atsopano osafuna kuyezetsa pafupipafupi, monga rivaroxaban ndi apixaban, n'kudzipereka kuti azinditumizira. Zikomo mwana wanga, Mulungu akudalitse. Mankhwalawo ndi abwino kwa ambiri, ndipo bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Koma si a aliyense. Kafukufuku wotchedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anayeza anthu oposa 4,500 a vuto ngati langali, la vavu yowonongeka ndi matenda a rheumatic, ndipo anapeza kuti amene anali pa mankhwala akalewa anafa ochepa kuyerekeza ndi a rivaroxaban. Amenenso anaikidwa vavu yachitsulo ayenera kukhala pa warfarin. Choncho musatumizire makolo anu mankhwala chifukwa choti ndi atsopano kapena odula. Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi anzanga, gwero la vuto langa likukukhudzani. Adokotala akuti linayamba ndili mwana, ndi zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe. Kachilombo kake kamathedwa ndi penisilini, koma kakalekereredwa thupi limatha kutembenukira mtima wake womwe, ndipo zotsatira zimadzaoneka patapita zaka zambiri. Mwana wa Fomu 1 akamalephera kumeza, thupi likutentha, kenako n'kumadandaula mawondo ndi akakolo, tisamuuze kuti akuthawa ntchito ya panja. Timulembere kakalata apite kuchipatala.

Inu ana anga amene muli pantchito, ngati bambo kapena mayi anu ali pa mankhwalawa, mphatso yoposa nsalu ya Khirisimasi ndi ndalama ya thiransipoti yokayezetsa, mwezi ndi mwezi, osadumpha. Dziwani nambala yawo ya INR ngati mmene munkadziwira mapointi anu a MSCE. Awerengereni mamiligalamu pa paketi, chifukwa mtundu wa pilitsi umasintha malinga ndi kampani. Akaiwala kumwa tsiku lina, asamwe awiri mawa lake. Ndipo amene muli anamwino ndi makiliniko ofesa, nkhalamba ikabwera ndi chifuwa, ifunseni kaye zimene ikumwa musanalembe Bactrim.

Ine ndikuphunzitsabe, ndikulimabe kadimba kanga, ndipo Lamlungu ndimayendabe wapansi mpaka kudoko. Foni ikalira 6 koloko madzulo, ngakhale tili pakati pa msonkhano wa makolo, mudzaona ndikupempha madzi. Tsopano mwadziwa chifukwa chake.