Benchi la kwa Injiniya ku Chibanja

Nkhungu ya ku Mzuzu imalawirira kubwera koma imachedwa kunyamuka. Ikamakwana 6 koloko m'mawa m'miyezi yozizira, ku Chibanja sungaone ngakhale kumene kuli bwalo la ndege, chonsecho lili pafupi pomwepa. Anyamata a Sacramento, njinga zakabaza za mumzinda uno, amakhala ayamba kale kupalasa kulowera m'tauni, zipewa zaubweya zitaphimba makutu. Mayi wa mandasi wakhazika beseni lake pakhonde la kashopu ka chipinda chimodzi, ka chitseko chachitsulo, komwe chikwangwani chake cha penti yabuluu chimati amakonza makompyuta ndi mafoni, amataipa, amapanga fotokope. Panja pali benchi la matabwa a paini, mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa. Ine ndinapita kumeneko kukasinthitsa kiyibodi, kantchito ka mphindi 20, koma benchi limeneli linandigwira mwendo mpaka kunada.

Mwini shopu anafika cha m'ma 7. Onse amangowaitana kuti Injiniya, ngakhale pakhoma palibe pepala lililonse la sukulu. Anayambira kuwotcherera mawaya a wailesi kwa amalume awo, n'kudzabwera ku mafoni, kenako makompyuta. Asanalonjere munthu anayamba asuzumira pa mita kuona mayunitsi otsala. Atatero ndiye "Mwawuka uli, amama?" kwa wa mandasi uja, n'kutembenukira kwa ine m'Chichewa. Kuno Chitumbuka ndi Chichewa zimasinthana pakati pa chiganizo popanda wodabwa.

Woyamba kulowa anali mphunzitsi, fulashi ili m'manja ngati wanyamula dzira. Munali mayeso onse a temu ino. Dzulo lake anaibaya pa kompyuta ina, ndipo mafoda onse anasanduka tizithunzi ta kamuvi kokhota, toti ukadina palibe chotseguka. Kamnyamata kothandizira mushopumo, komwe kangolemba kumene MSCE, sikanadikire kuuzidwa. Kanatsegula kawindo kakuda kaja n'kulemba attrib -h -r -s /s /d, ndipo mafoda anatulukira onse ngati nkhuku zomva chimanga. Vayirasi yochita zimenezi sifufuta kanthu, imangobisa zinthu zako n'kuika zonamizira pamalo pake. Mphunzitsi uja anati "Yewo chomene" katatu konse. Injiniya sanatukule n'komwe mutu.

Nkhani ya tsikulo inatsika pa njinga cha m'ma 9. Anali mtsikana wa chaka chomaliza ku yunivesite ya Mzuni, wachokera ku Luwinga, maso ofiira ngati sanagone. Laputopu yake imayaka, n'kuima pa chizindikiro cha kampani, basi. Injiniya anaiyatsa, n'kuuza kamnyamata kuti kazimitse wailesi, n'kugunditsa khutu pafupi ndi pomwe munthu amatsamiritsa dzanja polemba. Tonse tinakhala chete. Mkatimo munkamveka kuti tiki, tiki, tiki, kenako zii, kenako tiki kachiwiri.

"Inagwapo, achemwali?"

"Pang'ono pokha. Inachoka pabedi."

"Ili choyaka?"

Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera. Injiniya anatola hard disk ina yakufa, yovundukula, yomwe amasungira dala anthu otere, n'kumuonetsa: kambale konyezimira ngati galasi komwe kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono koonda komwe nsonga yake imayandama pamwamba pa kambaleko osakakhudza. Laputopu ikagwa kambale kali mkati mozungulira, nsonga ija imapala pamene pali zolemba zako.

"Ntchitoyi munaisungakonso kwina?"

"Ndimati ndisunga mawa."

Inali kafukufuku wake yense wotsirizira digiri, wofunika kupereka Lachisanu. Ku Mzuni nkhani yotaya zolemba si yachilendo, pakuti laibulale ya sukuluyo inapsa mu Disembala 2015 ndipo mabuku ochuluka anasanduka phulusa usiku umodzi. Koma palibe anam'kumbutsa zimenezo. Anam'patsa mpando wokhawo wapulasitiki, wa mandasi n'kum'tambasulira limodzi laulere.

Apa n'kuti benchi litadzaza. Panali mnyamata wandevu amene amamanga mawebusayiti a mabungwe ang'onoang'ono, yemwe anzake amangomuti wa Linux. Panali wina wonenepa, wa jekete lachikopa, amene amagulitsa kwa eni sukulu zapulaiveti pulogalamu yowerengera fizi ndi malikisi yomwe analemba yekha m'PHP. Panalinso mdala wina wopuma ntchito, amene anakwera mapolo a telefoni nthawi ya Malawi Posts and Telecommunications Corporation, isanagawidwe mu 2000. Palibe amalipidwa kukhala pamenepo. Amangobwera, monga ena amapitira ku bawo.

Wa Linux anatulutsa fulashi m'thumba la malaya. Anati disiki yodwala siyatsidwa-yatsidwa ndi Windows, chifukwa Windows ikafika pamalo owonongeka imakakamira pomwepo mpaka kumaliza kupha disikiyo. Anaichotsa mulaputopu, n'kuilumikiza ku kompyuta ya mushopu, n'kuidzutsa kompyutayo kuchokera pa fulashi yake, n'kuyambitsa kapulogalamu kotchedwa ddrescue. Kameneka kamayamba kakokera zonse zowerengeka mosavuta, kakumadumpha mabala, kenako n'kubwerera kudzakanda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mabalawo. Manambala anayamba kuyenda pa sikirini yakuda. Panalibenso chochita koma kudikira, ndipo pa benchi limeneli kudikira ndiye kukangana.

Anayambitsa ndi wa Linux yemweyo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa, ngati ndi ya Intel, yoyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Iye analoza shelefu ya Injiniya, pomwe panali malaputopu a kaunjika otayidwa ndi maofesi a kunja, ambiri a m'badwo wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi. "Zonsezi akuti n'zinyalala tsopano. Koma ndipatseni imodzi ndiikemo Linux Mint, muona ikuthamanga ngati yatsopano. Ndipo njaulere. Ubuntu, Linux inanso, anaiyambitsa ndi wa ku South Africa konkuno, Mark Shuttleworth, mu 2004. Dzina lake lomwelo ndi umunthu wathu womwewu."

"Umunthu sutsegula SPSS ya aphunzitsi," anatero Injiniya, maso ali pa foni ya Tecno yomwe ankaimata sikirini. "Aise, ine ndimadya za kasitomala. Akafika kunyumba n'kupeza Word palibe, pirinta yakana, sabwera kwa iwe, abwera kwa ine ndi mwamuna wake."

Ndinaona kuti onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu suutha. Mdala uja ndiye anaupatsa mchere. Anafunsa ngati anyamatawo akudziwa kuti timakompyuta togwira ndi chala m'zipatala za boma, polandirira ma ARV, tinayamba bwanji. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anatenga tizipangizo totchipa totchedwa I-Opener tomwe ku America tinali titakanika msika, n'kutiika masikirini ogwira ndi chala, n'kutiyambitsa pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Mapulogalamu ake anadzalembedwa ndi achinyamata a Chimalawi m'Ruby on Rails, pa Linux. "Zotayidwa ndi azungu zinasunga mbiri ya odwala dziko lino," anatero mdalayo. "Ndiye musamanyoze shelefu imeneyo." Wa Linux anamwetulira ngati wagoletsa chigoli. Injiniya anangoti kuchipatala kulibe wofuna kuikamo magemu a mpira.

Nthawi itangopitirira 12 koloko, firiji ya golosale yoyandikana nayo inaleka kung'ung'udza. Magetsi athima. Inveta ya pansi pa tebulo inayamba kulira pii, pii, ndipo Injiniya anadzuka msanga kuzula zonse: makina a fotokope, chowotcherera, machaja a mafoni a anthu asanu ndi awiri. Batire lake ndi limodzi, lodyetsedwa ndi sola imodzi ya padenga, ndipo tsiku la mitambo ku Mzuzu sola imangokhala chokongoletsera. Anasiya kompyuta imodzi yokha ija. Mtsikana uja anaimirira, manja pamutu.

"Khalani pansi, achemwali," anatero wa Linux. "Ngakhale izime, sitiyambiranso poyamba." Anam'fotokozera kuti ddrescue imalemba kafayilo kokumbutsa pamene yafika, kotero magetsi akabwera imapitiriza pomwe inalekera. Pa zonse zomwe ndinamva tsikulo, apa ndi pomwe ndinaona kuti pulogalamu yabwino kuno siyesedwa ndi kukongola kwake. Anyamatawa anaphunzira zimenezi movutikira mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Wa PHP anati chaka chimenecho ndi chomwe anazolowera kulemba code 2 koloko usiku, ndipo mpaka lero chala chake chimadina Ctrl ndi S chokha ngakhale akucheza.

Batire linapirira ola limodzi ndi theka, n'kugonja. Tinapita pa chiwaya kukadya tchipisi cha kabichi ndi tsabola.

Magetsi anabwera cha m'ma 3, ndipo ana a m'makomo oyandikana anakuwa monga amachitira nthawi zonse. Manambala anapitiriza pomwe analekera. Kenako kunafika mkulu wa mpingo wa CCAP, wa Sinodi ya Livingstonia, ndi ndondomeko ya mwambo wa ukwati yolemba pamanja m'Chitumbuka. Kamnyamata kanataipa msanga, koma mkuluyo atavala magalasi anakana pepalalo. Paliponse pofunika ŵ panali w wamba. "Mwana wanga, ŵanthu alibe chipewa apa." Pa kiyibodi iliyonse yobwera m'dziko muno chilembo chimenechi palibe, ngakhale kuti chinkalembedwa ndi m'dzina la dziko lenilenilo, Malaŵi. Wa PHP anaimirira monyada: lemba 0175 mu Word, kenako dina Alt ndi X pamodzi. Manambala aja anasanduka ŵ. Wamkulu wake ndi 0174. Mkulu wa mpingo anapempha kuti amulembere zimenezo kuseri kwa envulopu.

Zinatsegula nkhani ina. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, Chitumbuka mu 2024, ndipo aliyense pa benchipo anali ndi chitsanzo chake cha chiganizo chomwe makinawo anachipotoza mpaka kuseketsa. Kuchoka apo anafika pa ChatGPT. Wa Linux anati masiku ano ana a sukulu akubwera ndi code ya Python yoyenda bwinobwino, koma ukawafunsa chomwe mzere wachitatu ukuchita amayang'ana kudenga. Wa PHP anati iye alibe nazo manyazi, amaifunsa tsiku lililonse, bola bandulo ikhalepo. Anzake anamuseka kuti PHP n'chilankhulo cha agogo. Iye sanakwiye. Anatulutsa kafoni ka Itel ka mabatani n'kukaika pa benchi.

"Kholo la ku Ekwendeni limalipira fizi ndi aka. Limadina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, basi. Inu pangani app yanu yokongola ya mamegabaiti 80, muone amene aitsitse."

Pamenepo palibe anayankha. Ngakhale Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo anyamatawa amaitchula ngati mkazi wokongola wa mudzi wina, sinasinthe foni yomwe ili m'thumba la kholo limenelo.

Dzuwa likupendeka, Injiniya anakhala pansi ndi mtsikana uja kukamba za ndalama. Disiki yakaleyo ndi maliro, pafunika ina. Anam'langiza SSD, yomwe ilibe kambale kozungulira ndipo siopa kugwa pabedi. Atatchula mtengo, mtsikanayo anaseka kuseka kosakondwa. Injiniya anatambasula manja: katundu ameneyu amachokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam, kudzera pa chipata cha Songwe, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iwo anasiya kulemba mitengo pakhoma, chifukwa choko chimatha msanga kuposa katundu. Anagwirizana za SSD yaing'ono ya 128 GB yochotsa mulaputopu ina yakufa sikirini, theka lero, theka mwezi ukatha. Mtsikanayo anaimbira mlongo wake wa ku Johannesburg pa WhatsApp, n'kutuluka panja kukalankhula motsitsa mawu.

Itakwana 6 koloko, nkhungu ikubwerera, ddrescue inamaliza. Tonse tinaunjikana kumbuyo kwa wa Linux, mpaka wa mandasi amene anali atatsuka kale beseni. Chaputala 1 chinatseguka. Chachiwiri, chachitatu, chachisanu, ndi fayilo ya manambala a kafukufuku, zonse zilipo. Chaputala 4 chinatseguka ndi tizilembo tosamveka, timabokosi ndi mafunso okhaokha. Nsonga ija inapala pomwepo.

Mtsikanayo anakhala chete kanthawi, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa mapepala opindika m'makona, odzaza ndi inki yofiira. Anali Chaputala 4 chomwe aphunzitsi ake anakana kuwerengera pa kompyuta sabata ziwiri zapitazo, n'kumuumiriza kuti achipulinte. Iye anati tsiku limenelo anadandaula ndalama ya mapepala njira yonse. Mdala wa matelefoni anaseka mpaka kutsokomola.

Pa SSD ija mtsikanayo anasankha Windows 10 yomweyo, chifukwa cha SPSS. Wa Linux anabweza fulashi yake m'thumba la malaya, akung'ung'udza kuti amene wapulumutsa munthu si amene amakwatira. Asanachoke, anam'tsegulitsa Google Drive pa foni n'kuimirira pomwepo mpaka mafayilo onse atakwera. Chaputala 4 chili ndi masamba 23, ndipo kamnyamata kaja kayamba kutaipa 7 koloko m'mawa, magetsi akakhalapo. Kiyibodi yanga sanaigwire n'komwe. Akuti ndibwerenso mawa.