Amene amaloza kwa anzathu pa Google

Wailesi yathu imamveka mpaka ku midzi kumene basi sifika, koma pa Google tili kumbuyo. Munthu akalemba dzina la boma lathu pamodzi ndi mawu akuti Kulamba, kapena mtengo wa soya, zimene zimabwela pamwamba ndi manyuzipepala a ku Lusaka ndi mawailesi anzathu awili kapena atatu a kuno kum'mawa. Nthawi zina nkhani ili pamwambayo inayambila pa maikolofoni yathu. Ndife tinapalasa njinga kukaifunsa, wina anaimva n'kuilemba m'Cizungu, ndipo lelo ioneka ngati yake.

Kwa omvela athu a kumudzi izi zilibe kanthu, iwo amangotsegula wailesi nthawi ya nkhani ikakwana. Koma a mabungwe amene amalipila mapulogilamu a zaumoyo ndi zaulimi, ngakhalenso amalonda ofuna kulengeza katundu wawo, amayamba afufuza pa intaneti asanatume foni. Amene amupeza coyamba ndiye amamulembela. Ndalama zimenezo ndi zimene zimagula mafuta a jeneleta, kulipila laisensi ya ku IBA, ndi kutipatsa ife odzipeleka kandalama ka thilansipoti. Conco nkhani ya Google kwa ife ndi nkhani ya nsima.

Cimodzi mwa zifukwa zimene anzathu amakhalila pamwamba ndi malinki. Google inayamba mu 1998, ndipo amene anaiyambitsa, Larry Page ndi Sergey Brin, anali ophunzila pa yunivesite ya Stanford ku America. Nzelu yawo, imene anaicha PageRank, inali yakuti tsamba la pa intaneti liziyesedwa poona masamba ena amene amaloza kwa ilo. Linki yocokela pa webusaiti ina kubwela pa yanu ndiyo imachedwa backlink, ndipo ili ngati umboni. Koma mboni sizilingana. Pa mlandu wa malile a munda, mawu a nduna imodzi yokalamba amalemela kupambana a anyamata khumi amene angocoka kumene ku mowa. Momwemonso linki yocokela pa webusaiti imene nayonso anthu ambili amailoza imalemela kwambili. Masiku ano Google imayang'ana zinthu zina zambili, koma malinki akali kuwelengedwa.

Cimene ambili sadziwa n'cakuti malinki oloza kwa mnzako si cinsinsi. Makampani monga Ahrefs, Semrush, Moz ndi Majestic ali ndi makina awo amene amayendayenda pa intaneti usiku ndi usana kulemba kuti ndani aloza kwa ndani. Umangolemba adilesi ya webusaiti iliyonse, mndandanda n'kutuluka. Kuti uone zonse afuna uzilipila mwezi ndi mwezi, m'madola, ndipo ndalama zake ife sitingazikwanitse. Koma amaonetsako kacigawo kaulele, ndipo Bing Webmaster Tools, imene ndi yaulele, imalola munthu kuyelekezela webusaiti yake ndi za ena. Google Search Console nayo ndi yaulele, kungoti imaonetsa malinki a webusaiti yako cabe. Ndi zimenezi, laputopu imodzi ndi ma bundle a usiku, tinayamba kuona za anzathu.

Ena pakati pathu sanakondwe nazo poyamba. Anati uku n'kusuzumila mumphika wa mnzako. Ndi zoona kuti mawailesi enawa si adani athu, timabwelekana nthambo, timakumana ku maliro ndi ku maphunzilo, ndipo ena a ife tinaphunzilila nchito kumeneko. Koma linki ili ngati cikwangwani ca pa mseu, aliyense wodutsa amaciwelenga. Ndipo tsamba loyamba la Google lili ndi malo ocepa, pafupifupi khumi, moti wina akakhalapo ndiye kuti wina wasowa pokhala.

Coyamba cimene cimaonekela ndi nambala yaikulu ya malinki onse, ndipo imeneyo imaopseza pacabe. Webusaiti imodzi ikaika dzina lako pansi pa tsamba lake lililonse, malinki amaoneka ngati masauzande pamene mboni ndi imodzi. Nambala yofunika ndi ya mawebusaiti osiyanasiyana amene aloza. Ndiyeno pali zinyalala: masamba opangidwa ndi makina amene amangokopa maadilesi, mindandanda ya mawailesi a dziko lonse lapansi imene aliyense alimo, ndi masamba ena a zinenelo zimene sitinazimvepo. Palinso manambala ochedwa Domain Rating ndi Domain Authority, amene amafika pa 100. Amenewa ndi a Ahrefs ndi Moz, si a Google, conco timangowaona ngati mmene munthu amaonela mitambo.

Titapeta n'kucotsa mankhusu onsewo, zotsala zinali zocepa kwambili, ndipo apa m'pamene tinakhala cete. Maina otsalawo tinali kuwadziwa. Panali webusaiti ya chalichi, ya koleji, ya bungwe lothandiza alimi a thonje, ya bungwe loona za ana aakazi, ndi ya loji ina ya ku Mfuwe. Amenewa ndi anthu amene amakhala pa mpando wa alendo mu situdiyo yathu, amene timawapatsa madzi akumwa n'kuwauza kuti asendele pafupi ndi maikolofoni. Ena amabwela kwa ife kawilikawili kupambana kwa anzathu aja. Nanga n'cifukwa ciani aloza kumeneko osati kuno?

Yankho linali m'malinki mwenimwenimo. Bungwe likamalemba lipoti pa webusaiti yake kuti mkulu wawo anakamba pa wailesi za mbeu yabodza, limafuna poloza kuti amene amalipatsa ndalama aone okha. Anzathu aja anali ndi tsamba, ngakhale la mizele isanu cabe ndi cithunzi cimodzi, lokamba za pulogilamuyo. Pa wailesi mawu amapita ndi mphepo. Pulogilamu ikatha, yatha, ndipo ngati yatsalako ili pa Facebook kapena ikuyenda m'magulu a WhatsApp. Kumeneko tili ochuka ndithu, kakilipu ka mphindi ziwili kamafika ku Lusaka ndi ku Johannesburg dzuwa lisanalowe. Koma zokambilana za pa WhatsApp Google siziona. Malinki a pa Facebook amakhala ndi cizindikilo cochedwa nofollow, cimene cinayamba mu 2005, couza makina ofufuzila kuti mwini tsamba sakuikila umboni kumene linkiyo ipita. Ndi mmenenso zilili ndi malinki ocokela pa Wikipedia. Conco kuchuka kwathu konse kuli kumalo kumene owelenga mboni sapitako, kapena kumene umboni wake sulemela kwenikweni.

Tinaonanso masamba a anzathu amene amalandila malinki kwambili. Si nkhani zotentha za ngozi ya pa mseu kapena za ndale, zimenezo zimawala masiku awili n'kuzima. Ndi masamba amene amakhalitsa. Lina linali lofotokoza kuti Nc'wala imacitika pa Ciwelu comaliza ca February ku Mtenguleni, kwa a Mpezeni. Lina linali la Kulamba, imene imacitika kumapeto kwa August ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa a Kalonga Gawa Undi. Lina linali la Gule Wamkulu, limene linachulanso kuti bungwe la UNESCO linamuzindikila mu 2005. A makampani a alendo, ana a sukulu ndi olemba za maulendo amaloza masamba amenewa caka ndi caka, cifukwa funso lake silikalamba.

Ndipo kukamba zoona, masambawo ndi opyapyala. Ndime ziwili zitatu, zimene mwana aliyense wa kuno angakuuzeni ali pa njinga. Ife tili ndi maola ambilimbili a mawu a akuluakulu, ena anamwalila kale, akufotokoza za miyambo imeneyi, za cinamwali, za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe, za mmene midzi ina inapezela maina ake. Zonsezi zili pa mafulashi m'dilowa ya mu situdiyo. Google imawelenga zolembedwa, ndipo mawu ojambulidwa opanda zolemba kwa iyo ali ngati munthu wokhala duu. Conco nchito yaikulu imene kufufuza kumeneku kunatipatsa ndi yotopetsa ija, kuvala mahedifoni, kumvetsela, kuimika, kulemba, kubwezela kumbuyo. Ola limodzi la agogo okamba mofatsa, ndi miyambi mkati, limadya tsiku lathunthu.

Pali nkhaninso ya cinenelo. Mawu amene anthu amalemba pa linki, amene munthu amadinapo, amathandiza Google kudziwa zimene tsambalo likamba. Pa malinki onse abwino amene tinaona, pafupifupi onse anali m'Cizungu. Mawebusaiti olemba Cinyanja ndi ocepa, ndipo ambili mwa amene alipo ndi a machalichi kapena a ku Malawi. Ndiye pali kalembedwe. Ife timalemba cimanga, a ku Malawi amalemba chimanga, ife nchito, iwo ntchito, ndipo wa ku Lusaka polemba pa foni amangotsatila mmene amvela m'khutu. Tinakangana kwa nthawi yaitali ngati tiyenela kuyamba kulemba m'Cizungu kuti mabungwe atiloze. Ambili tinakana. Wailesi imene imakamba Cinyanja pa mphepo n'kusanduka ya Cizungu pa intaneti yataya cinthu cimodzi cimene a ku Lusaka alibe. Tinagwilizana kuti tsamba likhale la Cinyanja, ndi mizele itatu ya Cizungu pamwamba yofotokoza zili m'munsimo, kuti wa ku ofesi adziwe cimene akuloza. Alipo amene mpaka lomba amaona kuti mizele itatuyo ndi kugwada, ndipo sitinawagonjetse.

Cinthu cimene cinatiyesa kwambili ndi malinki akufa. M'mindandanda ya anzathu munali malinki oloza ku masamba amene kulibenso, ukadinapo umangopeza nambala 404. Malinki amafa webusaiti ikamangidwanso popanda kulozela maadilesi akale ku atsopano, kapena ngati eni ake sanalipile dzina la webusaiti caka citatha. Akatswili a nchito imeneyi amalangiza kuti ukapeza linki yakufa ya wopikisana naye, lembela mwini webusaiti yoloza, umuuze kuti linki yake yafa, ndipo umupatse tsamba lako m'malo mwake. Palibe lamulo limene limaletsa. Koma linki ina inali ya wailesi ya m'dela ngati ife, ya anthu amene nawonso sagona cifukwa ca mafuta a jeneleta. Kutenga linki yoteloyo kuli ngati kutola nkhuku ya mnansi cifukwa yagona panja. Tinatumila foni mnyamata amene amaona za kompyuta kumeneko, ndipo anakonza. Pamene webusaiti yonse inafa kalekale ndipo eni ake anasiya, pamenepo timalemba ndithu n'kupeleka tsamba lathu, ngati tili nalo labwino.

Za kugula malinki sitidzatayapo nthawi. Makalata amabwela pa imelo olonjeza malinki mazanamazana pa mtengo wa thumba la feteleza. Google imaona zimenezi ngati cinyengo, ndipo kuyambila mu 2012, pamene inatulutsa njila yozindikila malinki abodza yochedwa Penguin, ambili amene anagula anaona ndalama zawo zikupita pacabe, ena mpaka kutsitsidwa. Pa webusaiti ina ya anzathu tinaonapo mulu wa malinki okayikitsa, koma sitinganene kuti anagula, cifukwa zinyalala zimenezi zimadzibwelela zokha ngakhale kwa ife. Cimene cimavuta ndi mbali inayo, pamene wina afuna kutilipila kuti tiike linki yake pa tsamba lathu. Kawilikawili amakhala a kubecha. Kuyambila mu 2019 pali cizindikilo cochedwa sponsored coika pa linki yolipilidwa, koma cikaikidwa ogulawo safunanso. Ndipo ife tili ndi pulogilamu ya acinyamata imene makolo amatuma foni kudandaula za ana ogulitsa mbuzi kuti akabeche mpila. Ndalamazo tinazikana, ngakhale kuti msungicuma wathu anapuma mozama.

Lomba mlendo aliyense wa bungwe akabwela mu situdiyo, pa pepala limene amalembapo dzina pali mzele wina wofunsa ngati ali ndi webusaiti, ndiponso amene amaiyang'anila. Pulogilamu ikatha timalemba mfundo zake pa tsamba lathu n'kuwatumizila adilesi. A machalichi ndi mabungwe ang'onoang'ono amayankha msanga. Ku maofesi a boma, kumene maadilesi ake amatha ndi gov.zm, pamafunika kalata yokhala ndi cidindo ndi kuleza mtima, cifukwa amene tinakamba naye pa wailesi nthawi zambili si amene ali ndi makiyi a webusaiti. Ena amavomela n'kuika linkiyo pa Facebook cabe, ndipo timawayamikila ndithu, kenako n'kuwafotokozelanso mwaulemu.

Mindandanda ya anzathu timaionanso pakapita miyezi itatu, osati tsiku ndi tsiku, cifukwa malinki sasintha msanga ndipo ma bundle ndi odula. Pakali pano atsikana awili a m'gulu lathu agawana mawu a agogo ena a ku Katete ofotokoza mmene mafumu amafikila ku Mkaika ndi mitulo yawo. Afuna tsambalo likhale lokonzeka July asanathe, kuti Google ilipeze anthu asanayambe kufufuza za Kulamba ya caka cino.