Dokotala Ndiye Mphunzitsi

Mawu oti dokotala tinawabwereka ku Chingerezi, koma tsinde lake ndi mneni wa Chilatini, docere, kutanthauza kuphunzitsa. Ophunzira zaudokotala a pa University of Zimbabwe, amene ena mwa iwo amakazolowera ntchito pa Chitungwiza Central Hospital, tanthauzo limeneli amalidziwa osatsegula dikishonale. Kumvetsera kugunda kwa mtima wa khanda, kapena kuuza mayi kuti mwana wake watisiya, sikuphunziridwa m'buku ayi. Wophunzira amaonera kwa mkulu amene waima naye pambali pa bedi la wodwala.

Akulu otere ndi ochepa, ndipo mavuto akagwa m'dziko, maphunziro awo ndiwo amayamba kusokonekera. Kolera imene inabuka ku Chitungwiza mu Ogasiti 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho sukulu ya zaudokotala inatsekedwa. Mu 2019, madokotala atanyanyala ntchito, yunivesiteyo inaimitsa Dr Bothwell Mbuwayesango, yemwe mu 2014 anatsogolera opaleshoni yolekanitsa mapasa obadwa olumikizana ku Harare.

Tsono ophunzira akamachonderera oyendetsa sukulu kuti mphunzitsi wotere asachoke, sakuchita mwano. Iwo akudziwa kuti wodi yogumuka imamangidwanso msanga, pamene kusula katswiri wa opaleshoni kumatenga zaka zoposa 10. Akachoka mmodzi, amapita ndi luso limene akadasiyira achinyamata ambirimbiri, ndipo wodzalira ndi wodwala wa ku Zengeza kapena ku St Mary's amene sanamvepo n'komwe dzina lake.